Wotchi Idalephera Pomwe Limoti Inkatha

Kwa Mposa, dzuwa likapendeka, asodzi atakocheza mabwato m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, alimi a mpunga atasamba matope a kusikimu, anthu ambiri amalowera kunyumba za vidiyo. Ndi tinyumba ta mabenchi ondanda, sipika yaikulu ili pakhomo kuitanira odutsa. M'katimo mumakhala kanema mmodzi, dikoda, batire lalikulu lotchajidwa ndi sola, ndi kanthu kamodzi kamene mwini malo salola mwana kukakhudza: limoti. Amaikulunga m'pepala la pulasitiki kuopa fumbi ndi thukuta, kumbuyo n'kuimanga ndi mphira chifukwa chotsekera mabatire chidatayika kalekale. Maonekedwe ilibe, koma bizinesi yonse yagona pa iyo.

Masiku ano tili ndi achinyamata ambiri amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta ndi pafoni. Ena ali ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ena akudziphunzitsa okha pa YouTube usiku anzawo atagona. Ndimawanyadira ndipo ndikufuna apite kutali. N'chifukwa chake ndikufotokoza za mmodzi wa iwo, mwana wa achemwali anga, amene adayang'ana limoti ya m'pulasitiki ija n'kunena mumtima kuti iye apanga yoposa imeneyo: pulogalamu ya pawotchi yamakono, yoti munthu akangokhudza pamkono, kanema azisintha tchanelo. Nzeru anali nazo, khama analinso nalo. Chimene adasowa ndi mafunso angapo oyenera kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo phula la zipangizo zamakono limadyedwa ndi ndalama zambiri.

Wotchi ya m'bokosi lokongola

Mnyamatayo adali atalima mpunga wakewake chaka chimenecho. Atakolola adagulitsako matumba n'kukwera minibasi ya ku Limbe, kumene mawotchi amakono ali mbwee m'mashopu ndi m'manja mwa mavenda, m'mabokosi owala okhala ndi mayina oyandikana ndi a makampani otchuka. Adasankha imodzi yagalasi lalikulu. Inkaonetsa nthawi, inkawerenga mapazi amene munthu waponda, inkanjenjemera uthenga ukalowa pafoni. Atafika nayo kunyumba adayamba kufufuza polowetsera pulogalamu yake. Panalibe.

Mawotchi otsika mtengo amenewa amatuluka kufakitale pulogalamu yawo itamatidwa kale m'kati, ndipo salandira ina. Amalankhula ndi foni kudzera pa Bluetooth pogwiritsa ntchito pulogalamu imodzi imene wopanga adasankha, monga FitPro, basi. Ungasinthe chithunzi cha pagalasi, koma sungaphunzitse wotchiyo ntchito yatsopano. Mawotchi olandira mapulogalamu a anthu ena ndi a mtundu wina, ndipo mtengo wake ndi winanso. Pali Apple Watch, imene idatuluka mu 2015. Kuti uilembere pulogalamu umafunika kompyuta ya Mac, ndipo kuti pulogalamuyo ifike kwa anthu umalipira madola 99 chaka chilichonse. Palinso mawotchi oyendera Wear OS ya Google, imene idayamba mu 2014 ndi dzina loti Android Wear. Amenewa amafuna Android Studio, pulogalamu yolemera imene laputopu yakale imalira nayo, ndi madola 25 olembetsera ku Google Play. Ndalama zimenezi sizilipidwa m'makwacha. Aliyense amene adayesapo kulipira kanthu m'madola zaka zino akudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera, ndipo mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, zinthu zonse zoitanitsa kunja n'kukwera tsiku limodzi.

Mpunga woyamba udapita motero. Mnyamatayo sadagwe mphwayi. Adalankhula ndi msuweni wake amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo patapita miyezi wotchi ya Samsung yogwiritsidwapo kale ntchito idabwera m'chikwama cha munthu wobwerera kumudzi. Iyi inali yeniyeni, yoyendera Tizen, ndipo inkalola munthu kulembamo zake. Adabwereka laputopu, adakhala pansi, ndipo tsiku lina pagalasi la wotchiyo padaoneka mabatani anayi okongola: awiri a tchanelo, awiri a mawu. Adaima patsogolo pa kanema n'kukhudza batani. Kanemayo adangoti zii.

Kanema amamva chiyani?

Apa m'pamene pali funso limene likadayenera kukhala loyamba. Limoti imalankhula ndi kanema kudzera m'kuwala kumene maso athu saona, kotchedwa infrared. Kutsogolo kwa limoti kuli kababu kakang'ono. Mukaloza limotiyo ku kamera ya foni n'kudina batani, nthawi zambiri mudzaona kababuko kakuphethira. Kuphethirako n'kothamanga kwambiri, pafupifupi ka 38,000 pa sekondi imodzi m'malimoti ambiri, ndipo kumadukizadukiza mwa dongosolo kuti kupange nambala. Batani lililonse lili ndi nambala yake. Makampani sadagwirizane chilankhulo chimodzi: pali dongosolo la NEC limene zipangizo zambiri zotsika mtengo zimatsata, la Philips lotchedwa RC-5 loyendera 36,000, ndi la Sony loyendera 40,000. N'chifukwa chake limoti ya kanema wa mnansi wanu nthawi zambiri siiyatsa wanu.

Njira imeneyi idafika patali isanakhazikike. Kampani ya Zenith ku America idayamba mu 1950 ndi limoti yachingwe. Mu 1955 Eugene Polley adapanga ina yowalitsa ngati tochi, koma dzuwa likalowa pazenera kanema ankasokonezeka. Mu 1956 Robert Adler adabweretsa yogwiritsa ntchito kaphokoso kosamveka m'makutu a munthu. Infrared idafala m'zaka za m'ma 1980, ndipo ikadalipo mpaka lero chifukwa ndi yotsika mtengo, siifuna netiweki, ndipo timabatire tiwiri timatha miyezi yambiri.

Wotchi ya mnyamata uja inalibe kababu ka infrared, monga mmene alili mawotchi amakono pafupifupi onse. Inali ndi Bluetooth ndi Wi-Fi. Mapulogalamu a limoti amene adawaona m'mavidiyo a pa intaneti amagwira ntchito chifukwa kumeneko kanemayo amakhala wa mtundu wolumikizidwa ku Wi-Fi ya m'nyumba, monga wa LG, wa Samsung kapena wa Roku, ndipo wotchi kapena foni imatumiza lamulo kudzera pa netiweki yomweyo. Kanema wa m'nyumba ya vidiyo kwa Mposa sali wotero. Komanso tchanelo sichisinthidwira pa kanema, chimasinthidwira pa dikoda, ndipo dikodayo imamva kuwala kokha. Amene adajambula mavidiyo aja sadaname. Ankalankhula za nyumba zawo, zokhala ndi magetsi osazima ndi Wi-Fi yoyaka usana ndi usiku. Kuno kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika koposa.

Ndiye padafunika womasulira pakati: kachipangizo komva Wi-Fi n'kulankhula kuwala. Mnyamatayo adaitanitsa kabolodi kotchedwa ESP32 kudzera mwa mnzake wa ku Blantyre. Apa adaonetsa luso lenileni. Adachotsa kadiso kolandirira kuwala m'makina a DVD akufa, n'kukagwiritsa ntchito kuwerenga nambala ya batani lililonse la limoti ya dikoda. Chidatsala ndi kababu kotumizira. Akadapirira n'kukafunsa limoti yakufa kwa okonza mawailesi ku Liwonde, akadakapeza pamtengo wa kapu ya tiyi. Koma mtima udali utathamanga kale. Adapita kwa mwini nyumba ya vidiyo, bambo wachikulire amene ankamudziwa kuyambira ali mwana, n'kupempha kuti amasule limoti yawo.

“Mwanawe, nanga chako chikadzakana tidzagwira mtengo wanji?” adafunsa bamboyo.

“Sichingakane, bambo. Ndachiyesa. Limoti iyi simudzaifunanso.”

Bamboyo adalola chifukwa ankamukhulupirira. Ndipo kwa masiku angapo chidagwiradi ntchito. Ana ankasonkhana kudzaona munthu akusintha tchanelo ndi wotchi, ndipo mbiri idamveka mpaka kudooko.

Usiku wa mpira

Kudadza tsiku la masewero aakulu a ligi ya ku England. Masiku amenewo kunali mitambo, sola siinadye dzuwa mokwanira. Nyumba idadzaza, ena ataima m'mbali mwa khoma, aliyense atalipira pakhomo. Chigawo choyamba chitatha, inveta idayamba kulira kusonyeza kuti batire latsika. Mwini malo adachita zimene amachita nthawi zonse: adazimitsa zonse, n'kulumikiza batire lina. Kanema adayaka. Dikoda idayaka, koma idadzukira pa tchanelo china. Kale, apa pankangofunika kudina manambala atatu pa limoti. Maso onse adatembenukira kwa mnyamata wa wotchi.

Adakhudza batani, osayankha. Adakhudzanso, osayankha. Chidachitika n'chakuti foni imene inkapereka Wi-Fi idali itathima nayonso, ndipo atayiyatsa idagawa manambala atsopano kwa zipangizo zolumikizidwa kwa iyo. Pa netiweki chipangizo chilichonse chimadziwika ndi nambala yake, ndipo mnyamatayo adali atalemba nambala yakale ya kabolodi kaja m'kati mwenimweni mwa pulogalamu. Wotchi inkaitana pakhomo pomwe panalibenso munthu. Kukonza kwake kunali kwa mzere umodzi, koma kunkafuna laputopu, ndipo laputopuyo idali itabwerera kwa mwini wake. Dikodayo inali ya mtundu uja wokhala ndi batani loyatsira lokha. Limoti inali m'kabati, yopanda kababu.

Chigawo chachiwiri chidayamba anthu akumva kukuwa kwa anzawo m'nyumba ya vidiyo ya tsidya lina la msewu. Adafuna ndalama zawo, ndipo bamboyo adabweza, wina ndi wina, osanena kanthu. M'mawa mwake adakwera kabaza kenako minibasi kukafuna limoti ina. Ena mwa makasitomala amene adawoloka msewu usiku umenewo sadabwererenso. Mnyamatayo adataya mpunga wa chaka chathunthu, koma chimene chidamuwawa koposa ndi chakuti bambo amene adamulera m'maso adasiya kumufunsa nzeru, ngakhale pa zinthu zimene ankazidziwadi bwino.

Tiyeni tiwerenge zimene zinkafunika kuti tchanelo chisinthe. Pa limoti: chala, timabatire, kababu. Pa wotchi: wotchiyo ikhale yotchaja, pulogalamu isalakwe, foni ikhale pafupi ndiponso yoyaka, Wi-Fi ilumikize, nambala ya kabolodi isasinthe, kabolodiko kakhale ndi moto, kenako kababu komwe kaja. Adachotsa zinthu zitatu n'kuikapo zisanu ndi ziwiri, ndipo chimodzi chokha chikadwala, zonse zimagona. Ntchito yake inali yomweyo: kusintha tchanelo. Aliyense wopanga chipangizo aziwerenga motere asanayambe. Ngati chatsopanocho chili ndi malo ambiri othyokera kuposa chakale, chiyenera kubweretsa phindu lalikulu loti lilipire ngozi imeneyo. Kusadzuka pampando kapena kudabwitsa ana si phindu lotero.

Ngakhale amene adali ndi zonse

Wina anganene kuti vuto ndi umphawi wathu, kuti kukadakhala magetsi ndi Wi-Fi zonse zikadayenda. Mbiri ya zipangizo zimenezi ikukana.

Mu 2014 Samsung idatulutsa wotchi ya Gear 2 yokhala ndi kababu ka infrared ndi pulogalamu yakeyake yolamulira kanema. Ndi chinthu chenicheni chimene mnyamata wathu ankalota, chopangidwa ndi kampani imene imapanganso makanema. Chaka chotsatira, Gear S2 idatuluka yopanda kababuko.  Mu 2021 kampaniyo idasiya Tizen pa mawotchi ake atsopano n'kusamukira ku Wear OS ndi Galaxy Watch4, ndipo amene adalemba mapulogalamu a Tizen adayenera kuyambiranso. Wotchi imene idachokera ku Johannesburg ija idafika kwa Mposa eni ake atatembenukira kale kwina.

Nkhani ya Pebble ndi yowawa koposa. Mu 2012 Eric Migicovsky adapempha anthu pa Kickstarter kuti amuthandize ndi madola 100,000 opangira wotchi yamakono ya dzina limeneli. Anthu pafupifupi 69,000 adasonkha madola oposa 10 miliyoni. Mu 2015 adasonkhanso oposa 20 miliyoni. Wotchiyo inkakondedwa ndi olemba mapulogalamu chifukwa inali yosavuta kuilembera ndipo batire lake linkatha pafupifupi sabata. Adailembera mapulogalamu zikwizikwi, ena a iwo olamulira makanema ndi zoimbira nyimbo. Mu Disembala 2016 kampaniyo idagwa, Fitbit n'kugula zotsala zake, ndipo pakati pa 2018 maseva amene ankasunga sitolo ya mapulogalamu aja adazimitsidwa. Gulu la anthu odzipereka lotchedwa Rebble ndi limene lidapulumutsa zimene lidatha. Fitbit nayo idagulidwa ndi Google mu 2021, ndipo mu Januwale 2025 m'pamene Google idatsegulira aliyense malemba a pulogalamu yoyendetsa Pebble. Amene adaika moyo wawo pa wotchi imeneyi adadikira zaka zisanu ndi zitatu chigamulo cha anthu amene sadawaonepo.

Logitech inali ndi kachipangizo kotchedwa Harmony Link, kogwira ntchito yofanana ndi kabolodi ka mnyamata uja: kumva lamulo la foni n'kulisandutsa kuwala. Kumapeto kwa 2017 kampaniyo idalengeza kuti mu Marichi 2018 kachipangizoko kadzasiya kugwira ntchito, ngakhale kali kabwinobwino m'nyumba za amene adakagula, chifukwa kankadalira seva ya kampani. Anthu atakwiya idawapatsa china m'malo mwake, koma mu 2021 idasiyiratu kupanga malimoti a Harmony.

Ifenso tidaonapo zotere pakhomo pathu. Mu Ogasiti 2023 MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA umene udafika kukhothi. Eni nyumba za vidiyo ndi malo omwera amene ankadalira mpira adasowa pogwira mpaka ntchitoyo idabwerera kumapeto kwa chakacho. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo ngakhale a m'tauni adaphunzira kukhala mumdima maola ambiri kwa nthawi yoposa chaka.

Mlimi wa kwa Mposa amadziwa kuti pa munda wobwereka umadzala mpunga wokolola chaka chomwecho, sudzalapo mango, chifukwa mwini munda akhoza kuufuna mitengo isanabereke. Wolemba pulogalamu ya pawotchi akulima pa minda yobwereka ingapo nthawi imodzi: ya wopanga wotchi, ya sitolo ya mapulogalamu, ya wopanga kanema, ya mwini masetilaiti. Palibe mmodzi wa iwo amene adzakufunseni asanasinthe malamulo. Kubwereka sikulakwa, ndipo palibe wolemba mapulogalamu amene sabwereka. Kulakwa n'kuiwala kuti wabwereka, n'kuikapo chuma chonse.

Ngozi zina zosaoneka msanga

Kuwala kwa limoti kulibe loko. Dikoda siifunsa kuti walamula ndani. Mu 2004 Mitch Altman adapanga kachipangizo kotchedwa TV-B-Gone kotha kuzimitsa makanema a mitundu yambiri, ndipo mu 2008 mtolankhani wina adakagwiritsa ntchito kuzimitsa makanema pa chionetsero chachikulu cha zipangizo ku Las Vegas anthu ali m'kati mofotokoza malonda awo. Adaletsedwa kudzapondanso pa chionetserocho. Mukapanga chinthu chotha kulamula kanema aliyense kuchokera pamkono, ganizirani za mnyamata wopulupudza amene angazimitse mpira m'nyumba yodzaza amuna amene alipira, ena atabetcherana. Pamenepo pakhoza kutuluka magazi. Ndipo ngati pulogalamu yanu ikulowa pa netiweki ya munthu popanda chilolezo chake, dziwani kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, limene limaletsa kulowa m'makina a ena mwachinyengo.

Palinso yesero limene limadza pulogalamu ikalephera kubweretsa ndalama. Peel Smart Remote inali pulogalamu ya limoti imene inkabwera itaikidwa kale m'mafoni ambiri a Samsung ndi HTC. Cha m'ma 2017 idayamba kudzaza mafoni a anthu ndi zotsatsa malonda, ngakhale foni ili yokiya, ndipo dzina lake lidaipiratu. Chaka chomwecho kampani ya makanema ya Vizio idalipira madola 2.2 miliyoni ku America chifukwa chosonkhanitsa mobisa zimene anthu ankaonera pa makanema 11 miliyoni. Pulogalamu yolamulira kanema imadziwa zimene banja limaonera ndi nthawi imene limagona. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina. Koma ngakhale pakadapanda lamulo, kugulitsa za m'nyumba ya mnansi amene wakukhulupirira ndi kuba.

Phunziro la ku Balaka

Sitifunika kupita ku America kuti tione njira ina. Mu 2011, ku Balaka konkuno, kudayamba ntchito ya Chipatala cha pa Foni. Maganizo ake adachokera kwa Amalawi awiri, Soyapi Mumba, katswiri wa mapulogalamu, ndi Clement Mwazambumba, ndipo bungwe la VillageReach lidaiyendetsa mogwirizana ndi Concern Worldwide ndi Unduna wa Zaumoyo. Vuto lidali lodziwika kwa aliyense: mayi woyembekezera kapena wa mwana wodwala ali kutali ndi chipatala ndipo sadziwa ngati ayende usiku womwewo kapena adikire kuche. Yankho lake lidali nambala yoimba mwaulere ndi mauthenga okumbutsa, pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani yong'ambika galasi. Ntchitoyo idakula kuchoka ku boma limodzi mpaka kufika dziko lonse, kenako idaperekedwa m'manja mwa boma.

Mmodzi mwa amene adaiganiza ankadziwa kulemba mapulogalamu apamwamba. Adasankha chipangizo chimene chidali kale m'manja mwa amayi a kumudzi. Adayambira pa munthu ndi vuto lake, chipangizo n'kubwera pambuyo. Mwana wa achemwali anga adayambira pa wotchi, n'kumafuna vuto loti wotchiyo ithetse. William Kamkwamba wa ku Kasungu naye adapanga makina ake a mphepo cha m'ma 2002 chifukwa kwawo kunali mdima ndi njala, ndipo adagwiritsa ntchito zitsulo zimene akadatha kuzipezanso zikathyoka.

Kwa inu amene mukuphunzira

Sindikuti musakhudze mawotchi kapena kuti musayese zachilendo. Kuwerenga nambala za limoti ndi kadiso ka DVD yakufa ndi phunziro labwino, ndipo amene wachita zimenezo wadziwa zambiri kuposa amene wangoloweza za m'kalasi. Yeserani pa kanema wa kunyumba kwanu, ndi ndalama zimene mungathe kutaya osalira. Koma tsiku limene mukufuna kuika chipangizo chanu pakati pa munthu ndi chakudya chake, dzifunseni izi moona mtima.

Kodi munthuyu adadandaulapo za vuto limeneli, kapena ndine ndalibweretsa? Mukakhala pansi ndi eni nyumba za vidiyo, adzakuuzani za batire limene limafa msanga chifukwa sadziwa polekezera, za mnyamata wa pakhomo amene ndalama zake sizigwirizana ndi mitu ya anthu, za makasitomala amene amachepa nyanja ikaphwa monga idachitira mu 1995 ndi mu 2018. Kabolodi komwe kaja ka ESP32 kakhoza kuyeza mphamvu ya batire n'kuchenjeza mpira usanayambe. Chimenecho chikadapulumutsa usiku uja. Kudooko adzakuuzani za mtengo wa matemba ndi mlamba ku Limbe umene amaumva mochedwa, kusikimu adzakuuzani za kagawidwe ka madzi.

Kodi zipangizo zimene pulogalamu yanga ikufuna zili kale m'manja mwa anthu angati pano? Ngati yankho ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndinu, mukupanga chosewerera chanu. Ngati limoti yasowadi, mafoni ambiri a Xiaomi ndi Redmi ali ndi kababu ka infrared kale, ndipo limoti yolowa m'malo imagulitsidwa m'misika yathu pamtengo wochepa.

Kodi ndabwereka kwa yani, ndipo akasintha maganizo nditsala ndi chiyani? Sankhani njira zosadalira seva ya kutali pamene zingatheke. Sungani malemba a pulogalamu yanu pamalo oposa amodzi. Musalembe m'kati mwa pulogalamu nambala zimene zimasintha. Yesani chipangizo chanu mwa kuzimitsa zonse mwadzidzidzi n'kuyatsanso, kambirimbiri, chifukwa kwathu kuno zimenezo zidzachitika ndithu.

Ndipo musaphe njira yakale yatsopano isanakhwime. Ziyende limodzi kwa nthawi yaitali, kuti yanu ikagwa mwini bizinesi atole yake n'kupitiriza.

Inunso makolo, amalume ndi azakhali amene ana amabwera kwa inu ndi maloto otere, musawakalipire ndipo musangowapatsa ndalama. Afunseni kuti chinthucho chidzathandiza yani, ndipo chikakana padzachitika chiyani. Mwana amene wayankha bwino mafunso awiriwa muthandizeni ndi mtima wonse. Amene sadathe kuyankha mutumeni akafufuze, adzabwerenso.

Ndikunena zonsezi chifukwa m'midzi yathu chikhulupiriro cha anthu pa luso la ana awo n'chochepa, ndipo chimatha msanga. Mnyamata mmodzi akagwetsa bizinesi ya munthu, mnzake wobwera pambuyo ndi nzeru yothandizadi amapeza zitseko zotseka. Choncho musanapereke chipangizo chanu kwa munthu, chiyeseni ndi muyeso uwu: inu mutachoka mawa kupita ku Lilongwe kapena ku Joni, batire n'kutsika, foni n'kuthima, kodi mwini wakeyo angachidzutse yekha, osakuimbirani? Ngati sangathe, ntchito yanu siinathe, ndipo si nthawi yoti mulandire ndalama yake kapena kumasula chipangizo chake.